Kusamutsira kwa ejenti ulendo wa pasitima umene ndinabukitsa ndekha: kodi phindu lake ndi lenileni?

Namwino wa ku Houston

Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kwa masiku angapo, ndipo ndikupempha amene anayendapo pa sitima zikuluzikulu za panyanja kuti andiunikire ndisanachite chinthu chimene sindingathe kuchibweza. Pa 3 Marichi ndinabukitsa ulendo wa sabata yathunthu ndi kampani ya Royal Caribbean, wonyamukira pa doko la Galveston kuno ku Texas pa 2 Ogasiti, wodzera ku Roatán ku Honduras, ndiponso ku Costa Maya ndi ku Cozumel ku Mexico. Zonsezi ndinachita ndekha pa webusaiti ya kampaniyo usiku wina nditaweruka kuntchito. Tilipo anthu asanu: ine, bambo akunyumba, ana athu awiri, ndi amayi anga amene akubwera kudzatichezera mu Julayi. Tinatenga zipinda ziwiri, choncho tili ndi manambala awiri a buking'i. Mtengo wonse ndi madola 6,400, ndipo ndinapereka kale dipoziti ya madola 250 pa munthu aliyense, yonse pamodzi madola 1,250. Zotsalazo ziyenera kulipidwa pofika pa 4 Meyi.

Sabata yathayi mnzanga wa kuntchito anandiuza kuti ndinataya mwayi pobukitsa ndekha, chifukwa ejenti wa zamaulendo akanandipatsako kenakake, koma anatinso nthawi ikadalipo yoti ndisamutsire buking'iyo kwa ejenti. Ndinalembera maejenti atatu. Woyamba akuti adzatipatsa madola 400 oti tikagwiritse ntchito m'sitima. Wachiwiri akuti madola 250 ndi chakudya chamadzulo kamodzi mu lesitilanti yolipiritsa ya m'sitimamo. Wachitatu akuti adzachotsa madola 1,000 pa mtengo wonse, koma akufuna kuti ndalama zotsalazo nditumize ku akaunti yake kuti iye akalipire kukampani.

Ulendowu kwenikweni ndi wa amayi anga. Sitima yokhayo imene anakwerapo pamoyo wawo ndi Ilala, pamene ankachoka ku Nkhotakota kupita ku Likoma kukaona abale, ndipo mpaka lero amaisimba ngati kuti anatsika dzulo. Sindikufuna kuti chifukwa cha madola mazana ochepa ndiwasokonezere chinthu chimene ndakhala ndikuwalonjeza kwa zaka zinayi. Kodi kusamutsaku kumayenda bwanji, ndipo munthu amataya chiyani akatero?

Akauntanti wa ku Dallas

Achemwali, ndiyambe ndi kalendala, chifukwa nkhani yonseyi yagona pa masiku. Kuno ku America kampani imene mwatchulayi imalola kusamutsira buking'i kwa ejenti m'masiku 30 kuchokera tsiku limene munabukitsa, bola ngati simunalowe m'nyengo yomaliza kulipira ndiponso ngati simunalipire ndalama zonse. Munabukitsa pa 3 Marichi, ndiye kuti khomo likutsekedwa pa 2 Epulo. Chonde musayerekeze kulipira zotsalazo msanga pofuna kupepukidwa mumtima, chifukwa mukangomaliza kulipira, mwayi wosamutsa watha ngakhale masiku 30 aja asanakwane.

Tsopano za ndalama. Ejenti sachotsa m'thumba mwake, koma amakugawirani komishoni imene kampani ya sitima imamupatsa. Komishoniyo kawirikawiri imakhala pakati pa 10 ndi 16 peresenti, malinga ndi kuchuluka kwa maulendo amene ofesi ya ejentiyo imagulitsa, ndipo siwerengedwa pa mtengo wonse. Misonkho ndi ndalama za pamadoko sizilowamo, komanso pali chigawo china cha mtengo chimene makampani amachipatula kuti chisakhale ndi komishoni. Tiyerekeze kuti pa madola 6,400 anuwo, 750 ndi misonkho ndi za pamadoko, ndipo 850 ndi chigawo chopatulidwa chija. Patsala madola 4,800. Ejenti wolandira 10 peresenti apeza madola 480, pamene wolandira 15 peresenti apeza madola 720. Mukaona masamu amenewa muzindikira kuti woyamba uja, amene akukupatsani 400, akukugawirani ndithu gawo lalikulu la phindu lake, ndipo zimenezi n'zotheka kwa ofesi yaikulu yodalira kuchuluka kwa makasitomala. Wachiwiri akusunga zambiri, mwina chifukwa amathera nthawi yaitali pa kasitomala mmodzi. Koma wachitatuyo akulonjeza ndalama zoposa komishoni yonse imene angalandire, ndipo akufunanso kuti ndalama zanu zidzere m'manja mwake. Ine ameneyo sindikanamuyankha n'komwe.

Mayi wa ku South Bend

Ine ndinasamutsapo kamodzi, ndipo ndikufuna mumve mbali imene masamu a achimwene a ku Dallas sakuionetsa. Buking'i ikangolowa m'dzina la ejenti, kampani ya sitima imasiya kukambirana nanu za ndalama, za chipinda, ngakhale za kusintha dzina. Mukaimba foni amakulandirani mwaulemu, amafunsa nambala yanu, kenaka amakuuzani kuti mulankhule ndi ejenti wanu. Palibe kukwiya kapena kuchonderera kumene kumasintha yankho limenelo.

Kwa ine zinafika povuta pamene mtengo wa chipinda chathu unatsika Loweruka lina m'mawa, tisanafike tsiku lomaliza kulipira. Ndinauona ndi maso anga pa foni ndili kukhitchini, madola 180 kutsika pa munthu aliyense, ndipo tinalipo awiri. Ndikanakhala kuti sindinasamutse, ndikanangoimba kukampani nthawi yomweyo n'kupempha kuti andiike pa mtengo watsopanowo. M'malo mwake ndinaimbira ejenti katatu, ndinatumiza imelo, ndipo yankho lokhalo limene ndinalandira linali la makina, lonena kuti ofesi idzatsegulidwa Lolemba. Pofika Lolemba masana mtengo unali utabwerera pomwe unali. Ejentiyo anandipatsa madola 150 ogwiritsa ntchito m'sitima monga analonjezera, koma ndinataya madola 360 m'masiku awiri amene iye sanapezeke. Sindikunena kuti anali munthu woipa, iyayi, anali ndi ufulu wopuma. Chimene ndinalakwitsa ine n'chakuti ndinafunsa kuti adzandipatsa zingati, koma sindinafunse kuti ndikadzamufuna Loweruka ndidzamupeza kuti.

Bambo wa ku Leeds

Ndilankhuleko monga munthu wa mbali ino ya nyanja, chifukwa pagulu pano tilipo ambiri okhala ku Britain amene tingawerenge malangizowa n'kuganiza kuti akugwiranso ntchito kwathu kuno. Malamulo a kusamutsa amatsata dziko limene munabukitsira, ndipo kampani imodzimodziyo ikhoza kukhala ndi ndondomeko ina ku America, inanso ku London. Amene akufuna kukwerera ku Southampton awerenge mgwirizano wa kuno, osati wa ku Miami, kumene kuli likulu la kampaniyi ku America.

Chachiwiri, kuno n'chizolowezi kuti ejenti alandire yekha ndalama kwa kasitomala n'kuzipititsa kukampani, ndipo ambiri amafuna kuti mumalize kulipira masabata angapo tsiku la kampani lisanafike. Chimene chimatiteteza ndi mabungwe. Ndi bwino kuti ejenti akhale membala wa ABTA, bungwe la maejenti ndi makampani a zamaulendo kuno, ndipo ngati ulendowo ukuphatikiza ndege payenera kukhala setifiketi ya ATOL, ndondomeko yoteteza okwera kampani ikagwa, imene imayendetsedwa ndi bungwe loyang'anira za ndege la Civil Aviation Authority. Amene tinali kuno mu Seputembala 2019 tikukumbukira mmene kampani ya zamaulendo ya Thomas Cook inagwera usiku umodzi, anthu pafupifupi 150,000 ali kunja kwa dziko, mpaka boma linachita kuwatumizira ndege. Inali kampani ya zaka zoposa 170, choncho ukulu wa dzina si chitetezo. Palinso gawo 75 la lamulo la Consumer Credit Act la 1974, limene limachititsa kuti banki ya khadi la ngongole ikhale ndi udindo pa katundu wa mtengo woposa mapaundi 100 mpaka mapaundi 30,000, koma chitetezo chimenechi chimatha kuvuta ndalama zikadzera kwa mkhalapakati m'malo mopita molunjika kwa mwini ntchito. Ndiye kwa ife kuno funso la amene akulandira ndalama ndi lolemera kuposa funso la kuchotsera mtengo.

Akauntanti wa ku Dallas

Abambo a ku Leeds anena zoona, ndipo kusiyana kumeneku ndi kumene kumaulula ejenti wachitatu uja. Kuno ku America ejenti wolongosoka amatenga nambala ya khadi lanu n'kuipereka kukampani ya sitima, moti pa sitetimenti ya banki pamaoneka dzina la kampani ya sitimayo, osati la ejenti. Mukaona dzina la ejenti pa malipiro a ulendo, kapena mukauzidwa kuti mutumize ndalama monga mmene timatumizira kwa abale, ndiye kuti kampani ya sitima sinalandire kanthu kuchokera kwa inu, ndipo tsiku lomaliza likadutsa iye asanalipire, buking'i imafufutidwa pamodzi ndi dipoziti yanu.

Ejenti wa ku Atlanta

Ndiyambe ndi kuulula kuti ntchito imeneyi ndi imene imandidyetsa, choncho muwerenge mawu anga mukudziwa mbali imene ndaima. Sindikupempha buking'i ya achemwali athuwa, ndipo ngakhale atandipatsa sindingailandire kudzera pagulu pano.

Amayi a ku South Bend, nkhani yanu yandikhudza, chifukwa ndi imene imatichotsera ulemu tonse. Komabe ndikufuna gulu limvetse chifukwa chake zimachitika. Ejenti amene wapereka magawo awiri mwa atatu a komishoni yake amatsala ndi ndalama zochepa kwambiri pa buking'i imodzi, ndipo kuti apeze cholowa ayenera kunyamula makasitomala mazanamazana. Munthu wotere sangayang'anire mtengo wa chipinda chanu tsiku ndi tsiku. Onjezani apa kuti komishoni imalipidwa mochedwa, kasitomala atamaliza kulipira kapena ulendo utachitika, ndiponso kuti mtengo ukatsika komishoni nayo imatsika. Choncho mukamupempha kuti akutsitsireni mtengo, mukumupempha kuti agwire ntchito yochepetsa malipiro ake omwe. Ejenti wabwino amachita zimenezo mosanyinyirika chifukwa akufuna mudzabwerenso, koma ambiri amalemba m'mgwirizano kuti mtengo ukatsika, mphatso yawo nayo idzatsika. Zimenezi si chinyengo ngati anakuuziranitu.

Mwina mukudabwa chifukwa chake awiri oyambawo akulankhula za ndalama zogwiritsa ntchito m'sitima m'malo mochotsa pa mtengo. Makampani akuluakulu a sitima safuna kuti maejenti azilengeza mitengo yotsika kuposa ya kampani, choncho njira yotseguka kwa ife ndi mphatso: ndalama za m'sitima, kulipiriratu ndalama zothokozera ogwira ntchito, chakudya cha mu lesitilanti yapadera, kapena inshuwaransi. Njira ina yoona imene mtengo weniweniwo umatsikira ndi ya magulu. Ofesi ikasungitsa zipinda zambiri pa ulendo umodzi nthawi ikadalipo, imagwira mtengo wa tsiku limenelo, ndipo kawirikawiri pa anthu 16 aliwonse a m'zipinda 8 kampani imapereka mtengo wa malo a munthu mmodzi. Ngati ejenti ali ndi gulu pa sitima yanu ndi tsiku lanu, akhoza kukulowetsanimo. Koma samalani, chifukwa kulowa m'gulu nthawi zina kumafuna kuti buking'i iwerengedwenso pa malamulo a gululo, ndipo zabwino zimene munapeza tsiku lobukitsa, monga kuchotsera kwa ana, zikhoza kugwa. Musavomere kufikira mutaona mitengo iwiriyo italembedwa moyandikana, wakale ndi watsopano, mzere ndi mzere.

Pa za wachitatu uja ndikugwirizana ndi achimwene a ku Dallas. Mufunseni dzina la ofesi imene amagwirira ntchito ndi nambala yake ya ku bungwe la makampani a sitima la CLIA kapena la makampani a ndege la IATA. Madera ena monga California, Florida, Washington ndi Hawaii amafunanso kuti wogulitsa maulendo alembetse kuboma. Munthu wa ntchito yoona amayankha mafunso amenewa m'mphindi imodzi.

Namwino wa ku Houston

Zikomo kwambiri nonse, maso anga ayamba kutseguka. Wachitatuyo ndamufunsa nambala zimene achemwali a ku Atlanta atchula, ndipo mmalo moyankha wandiuza kuti mwayiwu utha mawa madzulo ngati sinditumiza theka la ndalama. Ndamusiya.

Ndili ndi mafunso ena awiri. Loyamba, kodi ndikasamutsa ndidzathabe kulowa mu akaunti yanga ya pa intaneti kuti ndisankhe zokaona ku Cozumel ndi kulembetsa tsiku lokwera, kapena zonsezo zidzadzeranso kwa ejenti? Lachiwiri ndi limene likundidetsa nkhawa kwambiri. Dzulo amayi ananditumizira chithunzi cha pasipoti yawo yatsopano, ndipo ndapeza kuti dzina limene ndinalemba pobukitsa si lofanana ndi la m'pasipotimo. Ine ndinalemba dzina la bambo anga malemu, limene amayi akhala akudziwika nalo kutchalitchi ndi m'mudzi monse, pamene m'pasipoti muli dzina la kwawo, ndipo dzina lawo loyamba lili ndi chilembo chimodzi chosiyana ndi mmene timalembera ife. Kodi ndikonze ndisanasamutse, kapena ejenti adzakonza?

Ejenti wa ku Atlanta

Konzani lero, musanasamutse. Panopa buking'i ili m'manja mwanu, ndipo foni imodzi yokha ikwanira, pasipoti ili patsogolo panu, mukuwerenga chilembo chimodzichimodzi. Akakonza, pemphani kuti akutumizireni chikalata chatsopano cha buking'i pa imelo ndipo muchiyerekeze ndi pasipotiyo musanadule foni. Auzeni momveka kuti munthu ndi yemweyo ndipo mukungokonza kalembedwe, chifukwa kukonza dzina ndi kusintha munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana m'malamulo awo. Vuto limeneli ndimakumana nalo kawirikawiri kwa anthu a kwathu, chifukwa amayi athu ambiri ali ndi dzina la ukwati pakamwa pa anthu ndi dzina la kubadwa pa mapepala, ndipo pa doko amangoyang'ana pepala. Muonetsetsenso kuti viza ya amayi ndi yolola kulowa mu America kangapo, popeza sitima ikapita ku Mexico ndi ku Honduras n'kubwerera ku Galveston, amawerengedwa kuti akulowanso m'dziko. Udindo wa mapepala oyendera umakhala wa wokwera, kaya anabukitsa yekha kaya kudzera kwa ejenti.

Pa funso loyambalo musade nkhawa. Nambala za buking'i sizisintha, zipinda zanu sizisintha, ndipo akaunti yanu imagwirabe ntchito. Mudzasankha nokha zokaona pamadoko, mudzagula nokha intaneti ya m'sitima kapena zakumwa, ndipo kulembetsa kokwerera, kumene kumatsegulidwa kutatsala masiku 45, mudzachita nokha pa foni. Mapointi a Crown & Anchor Society, amene kampaniyi imapatsa okwera mobwerezabwereza, nawonso amapita kwa wokwera, osati kwa ejenti. Zimene zimachoka m'manja mwanu ndi malipiro a ulendo weniweniwo, kusintha chipinda, kusintha tsiku, kuwonjezera kapena kuchotsa munthu, ndi kuletsa ulendo.

Popeza muli ndi manambala awiri, pemphani kusamutsa onse awiri ndipo mutsimikize kuti onse adutsa. Ndinaonapo banja limene chipinda chimodzi chinasamuka, china n'kutsala, ndipo anazindikira masiku 30 atatha. Muuzenso ejenti kuti manambalawo akhale olumikizidwa kuti mudzakhale pa tebulo limodzi pa chakudya chamadzulo.

Mlongo wa ku Durban

Kuno nkhani yosamutsa siimveka kwambiri, chifukwa ambiri amene amakwera sitima za MSC zochoka pa doko la Durban kupita ku Portuguese Island kapena ku Pomene ku Mozambique amayamba ndi ejenti kuchokera pachiyambi, makamaka akamapita monga gulu la kuntchito kapena la kutchalitchi. Maulendowa ndi aafupi, a masiku atatu kapena anayi, ndipo amachitika m'nyengo yotentha, kuyambira cha mu Novembala mpaka cha mu Epulo. Pa ulendo waufupi chotero komishoni ndi yochepa, moti palibe zambiri zoti ejenti akugawireni. Chimene ndingawonjezere ndi chakuti amene akufuna ejenti kuno afunse ngati ali membala wa ASATA, bungwe la maejenti a zamaulendo kuno, chifukwa nyengo ya Khirisimasi ikamayandikira pa Facebook pamadzaza madobadoba olonjeza zipinda zotsika mtengo, ndipo anthu a kwathu amene amagwira ntchito molimbika chaka chonse ndi amene amagwa m'manja mwawo.

Mayi wa ku South Bend

Achemwali a ku Houston, pali chinthu chimodzi chokhudza tsiku lanu chimene sitinachikambe. Mukunyamuka pa 2 Ogasiti, mkati mwa nyengo ya mphepo zamkuntho, imene imayamba pa 1 Juni n'kutha pa 30 Novembala. Inu a ku Houston mukudziwa bwino kuposa ine zimene mphepo yamkuntho ya Harvey inachita mu Ogasiti 2017, pamene doko la Galveston linatsekedwa ndipo sitima zokhala ndi anthu zikwizikwi zinalephera kubwerera pa tsiku lake. Pa nthawi ngati imeneyo mafoni a kampani amadzaza, ndipo apa ndivomereze kuti ejenti wopezeka ndi dalitso, chifukwa ali ndi nambala zakezake zoimbira ndipo amadikira pa foni m'malo mwanu. Koma ejenti wosapezeka pa nthawi yomweyo amasanduka khoma pakati pa inu ndi kampani. Choncho mwa awiri otsalawo, kusiyana kwa madola 150 kusakhale chokhacho chimene mukuyang'ana. Aimbireni foni Loweruka madzulo, onse awiri, muone amene ayankhe ndi nthawi imene atenge.

Akauntanti wa ku Dallas

Ndikuvomereza mayeso a Lowerukawo, koma ndisiyane pang'ono ndi amayi a ku South Bend pa kulemera kwa ndalamazi. Madola 400 si ochepa pa ulendo uwu. Kampaniyi imaika pa bilu ya munthu aliyense ndalama zothokozera ogwira ntchito zokwana pafupifupi madola 18 patsiku, ana omwe, ndipo kwa anthu asanu pa masiku 7 zimenezi zikupitirira madola 600. Mphatso ya ejenti woyamba ikulipira gawo lalikulu la bilu imene mudzakumana nayo ndithu, mufune musafune. Chakudya cha mu lesitilanti yapadera chimene wachiwiri akupereka n'chabwino, koma si chinthu chimene mukanagula, popeza chakudya cha m'chipinda chachikulu chodyera chili kale mu mtengo. Mphatso iyenera kuyezedwa ndi ndalama zimene ikukupulumutsani, osati ndi mtengo umene wopereka akuutchula.

Musanasaine fomu, pemphani imelo imodzi yoyankha zinthu izi. Kodi madola 400 ndi a zipinda zonse ziwiri pamodzi kapena a chipinda chilichonse, ndipo akuwonjezera pa zimene kampani inakupatsani kale kapena akuziwerengera momwemo? Funso lachiwirili ndi lofunika, chifukwa ena amatchula chiwerengero chachikulu chimene mkati mwake muli mphatso ya kampani yomwe munali nayo kale. Kodi ndalamazo zidzaoneka liti mu akaunti yanu, popeza zina zimaoneka mutakwera kale, ndipo zikatsala zimabwezedwa kapena zimathera m'sitima? Kodi ofesiyo ili ndi chindapusa chakechake mukaletsa kapena kusintha ulendo, kuwonjezera pa cha kampani? Kodi tsiku lawo lomaliza kulipira ndi 4 Meyi lomwelo kapena amafuna msanga? Ndipo mtengo ukatsika Meyi asanafike, adzachita chiyani, pa nthawi yaitali bwanji, ndipo mphatso yawo idzasintha motani? Ejenti amene angaone mafunso amenewa ngati chipongwe wakuyankhani kale.

Bambo wa ku Leeds

Ndiwonjezere za inshuwaransi, popeza amayi ndi achikulire ndipo akuchokera kunja. Maejenti ambiri amagulitsanso inshuwaransi ndipo amalandirapo komishoni, zimene si zolakwika, koma inshuwaransi yogulitsidwa kwa anthu okhala ku America kawirikawiri imafuna kuti munthuyo akhale wokhazikika m'dzikomo. Amayi ndi mlendo, choncho mufunse mwachindunji ngati ikuwakhudza, ndipo ngati siikuwakhudza muwapezere yawoyawo. Chipatala cha m'sitima chimalipiritsa, ndipo kunyamula wodwala kuchoka pa chilumba ngati Roatán kupita ku chipatala chachikulu kumadya ndalama zoposa mtengo wa ulendo wonsewo. Mmene ejenti adzayankhire funso limeneli mudzadziwa ngati wawerenga buking'i yanu kapena wangoona chiwerengero cha pansi.

Ejenti wa ku Atlanta

Abambo a ku Leeds akhudza pamene ine ndimayezera anzanga a ntchito. Ndingowonjezera kuti kusamutsa kumapita mbali imodzi. Buking'i ikalowa kwa ejenti, kuibweza kukampani kapena kuipititsa kwa ejenti wina kumafuna kuti woyambayo avomere kuimasula, ndipo si onse amene amavomera msanga. Ndiye musafulumire chifukwa cha tsiku la 2 Epulo, koma musadikirenso mpaka pa 1 Epulo, popeza pempho limatenga masiku angapo kuti alione ndipo likabwezedwa chifukwa cha cholakwika pa fomu mufunika nthawi yolikonza. Pa fomu adzafuna nambala ya buking'i, dzina la sitima, tsiku lonyamuka, dzina la ofesi ya ejenti ndi nambala ya foni imene ofesiyo inalembetsa kukampani. Nambala ya foniyo muitenge kwa ejenti mwiniwake, chifukwa ndi imene kampani imazindikirira ofesi, ndipo nthawi zambiri si imene ili pa webusaiti yawo.

Namwino wa ku Houston

Ndabweranso kudzakuuzani mmene zayendera, popeza munatha nthawi yanu pa nkhani yanga. Ndinayamba ndi dzina la amayi. Ndinaimba kukampani Lachinayi m'mawa nditangochoka ku ntchito ya usiku, nditakhala m'galimoto pamalo oimikapo, chithunzi cha pasipoti chili pa foni ya bambo akunyumba imene ndinabwereka dala kuti ndiziwerenga ndikulankhula. Zinatenga mphindi 25, ndipo chikalata chatsopano chinafika ndisanadule foni. Tsamba la viza nalonso ndaliona, ndipo ndi yolowera kangapo.

Loweruka cha m'ma 6 koloko madzulo ndinaimbira maejenti awiri aja. Wa madola 400 ndi ofesi yaikulu, ndipo anayankha munthu wina, osati amene ndinkalemberana naye, koma anapeza zokambirana zathu zonse pa kompyuta ndipo anandiuza kuti amatsegula masiku onse a sabata ndiponso kuti aliyense wa iwo akhoza kugwira buking'i yanga. Wa madola 250 amagwira yekha. Sanayankhe nthawi yomweyo, koma anandiimbira patatha mphindi 40, ndipo ndi iye yekha amene anayamba kufunsa za msinkhu wa amayi ndi ngati amatha kuyenda mtunda wautali, chifukwa anaona kuti chipinda chathu chili kutali ndi zikepe zokwerera nsanjika. Kunena zoona mtima wanga unapita kwa iyeyo. Koma nditamufunsa amene amagwira ntchito yake iye akadwala kapena akakhala paulendo, anandiuza moona mtima kuti palibe, ndipo kuti sabata yomaliza ya Julayi adzakhala ali pa sitima ina ndi gulu lake. Imeneyo ndi sabata yomwe ife tidzakhale tikukonzeka kunyamuka.

Ndasankha ofesi yaikuluyo. Anayankha mafunso onse a achimwene a ku Dallas pa imelo: madola 400 ndi a zipinda zonse ziwiri, 200 chilichonse, owonjezera pa madola 50 amene kampani inatipatsa kale, adzaoneka titamaliza kulipira, alibe chindapusa chawo, khadi langa lidzadulidwa ndi kampani ya sitima, ndipo mtengo ukatsika ndiyenera kuwadziwitsa ndine, iwo adzaimba tsiku lomwelo, koma mphatsoyo idzatsika molingana. Pa inshuwaransi anavomera kuti yawo siikhudza amayi, choncho ndikuwafunira ina. Ndinatumiza mafomu awiri Lolemba, ndipo Lachinayi manambala onse awiri anaonetsa dzina la ofesiyo. Ejenti wachiwiri uja ndinamulembera kumuthokoza, ndipo langizo lake la zikepe ndalitsata: ndapempha ofesi yatsopanoyi kuti itisunthire pafupi, ndipo andiuza kuti pa nsanjika yomweyo pali chipinda cha mtengo wofanana chimene akuchigwira mpaka mawa.

Mayi wa ku South Bend

Chivomereni lero chipindacho, achemwali, ndipo chikalata chatsopano chikafika muonenso zinthu zitatu: dzina la amayi, mtengo wa chipinda, ndi madola 50 a kampani aja, chifukwa posintha chipinda ndi pamene zinthu zoterezi zimagwa mosadziwika. Muikenso chikumbutso pa foni cha pa 27 Epulo, sabata imodzi tsiku la 4 Meyi lisanafike, kuti mudzawaimbire nokha ndi khadi m'manja m'malo modikira kuti iwo akukumbutseni.